Matcheni a Pachitseko cha Kanema Wakale

Chimene chinamumenyetsa Wamagetsi tsiku limenelo ndi liwu limodzi basi. Anali pamwamba pa makwerero m'khonde la nyumba yakale ya kanema, akulumikiza mawaya a nyale, pamene anaona mwamuna wamfupi, wa khosi ngati la ng'ombe, ataima pansi pake. Pofuna kuonetsa ulemu, mnyamatayo anati, "Takulandirani, alamu."

Alamu! Kumuuza Chibakera zimenezo, munthu amene anathera unyamata wake akuthyola nsagwada za anzake pa mpikisano wa nkhonya m'holo yomweyi!

Chibakera anangokankha makwerero aja ndi phazi, Wamagetsi n'kugwera pasimenti, phii! Asanadziwe kuti kumwamba n'kuti, nkhonya inamupeza pakamwa, ina m'nthiti. Anthu opaka penti anaimika mabulashi awo n'kumangoonerera, palibe ndi mmodzi yemwe amene anayerekeza kuleretsa.

"Mlamu wako ndani, mwana wa Maloko iwe?" anakalipa Chibakera, atamuponda pachifuwa. "Ndikadzamvanso kuti wayenda ndi mchemwali wanga, ndidzakuphera pachitseko chomwe bambo ako anapherapo mayi anga. Wamva?"

Wamagetsi analavula magazi ndi dzino limodzi. Sanabwezere.

Ukali umenewu uli ndi kumene unachokera, ndipo ife amene tinakulira mumzinda uno timakudziwa. Nyumba ya kanemayi inamangidwa mzinda uli ndi msewu umodzi wokha wa phula. Poyamba mabwana ndi akazi awo ankakhala m'mwamba pamipando ya wofuwofu, enafe pansi pamabenchi, ndipo akamaliza kusuta ankatiponyera zotsala za fodya pamutu. Zimenezo zitatha, holo inakhala ya aliyense. Mkati mwa sabata tinkaonera mafilimu a nkhondo ndi a chikondi, Loweruka kunkaimba mabandi, nthawi zina kunkakhala nkhonya. Mabanja ambiri a mumzinda uno anayambira mumdima wa holo imeneyo, ndewu zambirinso chimodzimodzi.

Koma inali ndi chizolowezi chimodzi choipa. Bandi ikangoyamba kuimba, zitseko za m'mbali ankazimanga ndi matcheni kuti anthu asamatsegulire anzawo osalipira, makiyi n'kukapereka kwa mwini holo. Womanga matcheniwo anali mlonda wa pakhomo, amene anthu ankangomutchula kuti a Maloko. Loweruka lina ndewu inabuka, chidakwa china n'kukuwa kuti moto, pomwe moto panalibe. Anthu anathamangira kuchitseko cha kumbali n'kukapeza tcheni. Anafa ambiri, abale inu, mopondana ngati mbuzi. Mmodzi wa iwo anali mkazi wa a Zala, katswiri wa gitala amene ankaimba tsiku limenelo. A Zala anadumpha pansanja kuti akamukoke, ndipo dzanja lawo lamanja linaphwanyidwa pansi pa nsapato za anthu.

Mwini holo anathawa ndi makiyi ake m'thumba. A Maloko ndi amene anamangidwa, ndipo anafera kundende. Holo inatsekedwa, kenako inasanduka tchalitchi, kenako mosungira matumba a simenti, pomalizira pake nyumba ya mileme.

Tsopano mkulu wina wokonza zoimbaimba, a Masuti, anali ataitenga kuti aitsegulenso. Woimba wa tsiku lotsegulira anali Namzeze, mchemwali wa Chibakera, mwana wamkazi wa a Zala, amene mayi ake anamusiya akuyamwa. Wokonza magetsi anali mwana wa a Maloko. Mwa anyamata onse a mumzinda waukulu ngati uno, mtima wa Namzeze unakagwera pa ameneyo.

* * *

Namzeze anamupeza Wamagetsi m'kachipinda ka m'mwamba momwe kale munkakhala makina oonetsera kanema, atakhala pabokosi la zida zake, mlomo utatupa. Namzeze ananyowetsa mpango wake n'kuyamba kumupukuta, osati mwachifundo kwenikweni.

"Iwenso mutu wako sugwira," anatero. "Kwathu sunapondeko n'komwe, ukuti alamu?"

"Ndimayeserera. Ndimafuna ndione ngati liwulo likutuluka bwino m'kamwa."

"Ndiye latuluka bwino?"

"Latuluka ndi dzino."

Namzeze anafuna kuseka koma m'malo mwake misozi ndi imene inatuluka. Anamumenya kambama kakang'ono paphewa. "Usandiseketse, ndakwiya. Akanakupha, ukudziwa? Achimwene akayamba kumenya samva chilichonse. Anamenyapo munthu belu litalira kale, mpaka anawaletsa nkhonya."

Wamagetsi anamugwira dzanja n'kumukokera pakawindo kakang'ono komwe kale kuwala kwa filimu kunkatulukira. Holo yonse inkaoneka pansi pawo, mipando yatsopano ili ndandanda, nsanja ikununkha penti.

"Ukuchiona chitseko cha kumanzere icho?" anafunsa. "Tsiku loyamba kugwira ntchito muno, ndisanakhudze waya ngakhale mmodzi, ndinazula zitsulo zonse zokolekamo matcheni. Ndi manja angawa. N'chimene ndinavomerera ntchito ino. Anzanga ankati ndapenga kubwerera pamalo pamene panatha bambo anga."

"Ukanawauza bambo anga zimenezo."

"Angandimvere?"

Namzeze anapukusa mutu. "Akaona dzanja lako amaona la bambo ako."

"Nanga iwe umaona chiyani?"

"Ndimaona dzanja lopusa losadziwa kubwezera."

"Ndipo silidzabwezera," anatero Wamagetsi, kuseka konse kutamuthera. "Banja lanu linalira kale chifukwa cha banja lathu. Achimwene ako andimenye mmene angafunire, ine sindidzawakwezera dzanja. Ndalumbira pamaso pako."

"Kulumbira kopusa," anatero Namzeze. Komabe anatsamiritsa mutu wake pachifuwa pa mnyamatayo, ndipo anamva mtima wake ukugunda pansi pa ovolosi yothimbirira magazi.

Fungo la perefyumu ndi limene linawauza kuti sali okha. A Masuti anali ataima pakhomo, suti yoyera, makiyi a galimoto akuzungulira pachala. Anali atayesa kale Namzeze ndi nsapato, ndi diresi, ndi malonjezo okajambulitsa nyimbo, zonse n'kubwezedwa.

"Nyenyezi yathu," anatero akumwetulira ndi mano okha, "bandi ikukudikirani pansi. Mukamaliza ndikakutulani kunyumba."

"Miyendo ndili nayo, zikomo."

Namzeze atatsika, a Masuti anamuyang'ana Wamagetsi kuchokera kumutu mpaka kumapazi. "Ndinakulemba ntchito yoyatsa nyale, mphwanga," anatero motsitsa mawu. "Zinazi zikuotcha."

* * *

Namzeze atafika kunyumba anapeza matayala a galimoto ya a Masuti atasiya mizere pabwalo. Anadziwiratu kuti nkhani yamutsogolera.

Asanakhale n'komwe pansi, Chibakera anamulanda foni m'manja. Uthenga unali utangolowa kumene, ndipo anauwerenga mokweza, akupotoza mawu ngati a mkazi.

"'Dzino lapita koma mtima uli pomwepo. Imba bwino Loweruka, nyale zonse ndalozetsa kwa iwe.' Tamvani, bambo! Mwana wa chigawenga akulozetsa nyale kwa mwana wanu!"

"Ndipatseni foni yanga, achimwene."

Chibakera anaimenyetsa kukhoma, phwaa! Zidutswa zinamwazikira mpaka pansi pa kabati. Namzeze atathamangira kukatola, anamugwira mkono n'kuupotokola mpaka mtsikanayo anagwada.

"Musiye," anatero a Zala.

Iwo sankakalipa. Chiyambire tsiku la ngozi lija sanakwezepo mawu, ndipo anawo ankaopa kufatsa kumeneko kuposa chikwapu. Anali atakhala pampando wawo wa masiku onse, pansi pa gitala yopachikidwa kukhoma, yopanda nsambo ngakhale imodzi.

"Namzeze, tandipatsa kapu iyo. Ayi, osati kuno. Ika m'dzanja ili."

Anatambasula dzanja lamanja lija, zala zokhota ngati mizu. Namzeze anaikamo kapu. Inakhalamo kanthawi, kenako inapulumuka n'kusweka pansi, madzi n'kumwazikira pamapazi ake.

"Ili ndi dzanja limene linkaimitsa holo yonse ija," anatero a Zala. "Ndi lomweli ndinagwira nalo tsitsi la mayi ako pansi pa anthu, ndikumva akunditchula, koma osatha kuwakoka. Chitseko chinali pompo, chomangidwa. Ndiye lero ukufuna undibweretsere mwana wa munthu amene anachimanga, azidya m'mbale zanga?"

"Bambo, iye anali mwana. Sanamange ndi iye. Ngakhale bambo akewo anachita kutumidwa, makiyi anali ndi mwini holo."

"Wakuuza ndi iyeyo?"

"Mzinda wonse ukudziwa!"

"Mzinda wonse sunaike maliro m'nyumba muno." A Zala anabweza dzanja lija m'thumba la jekete. "A Masuti ndi munthu wolongosoka. Zoimba za Loweruka zikatha atumiza abale awo kudzatiuza mawu. Ine ndavomera."

"Ndiye akwatiwe nawo achimwenewa, poti ndi amene akuwakonda!"

Mbama ya Chibakera inamugwetsera pachitseko cha kuchipinda. Namzeze sanalire. Anadzuka, analowa, n'kudzitsekera, khutu likulira.

* * *

Loweruka m'mawa Wamagetsi analowa m'holo kuti ayese nyale komaliza, ndipo fungo loyamba kumulandira linali la zitsulo zowotcherera. Anathamangira kuchitseko cha kumanzere. Zitsulo zokolekamo matcheni zinali zitabwerera pamalo pake, zatsopano, ndipo pakona panali katoni ya matcheni ndi maloko onyezimira.

Anawapeza a Masuti kuseri kwa nsanja, ali ndi anyamata awo atatu a zifuwa zotupa.

"Bwana, matcheni aja ndi a chiyani?"

"Ndi a agalu anga."

"Musachite zimenezo, chonde. Mukudziwa zimene zinachitika muno."

"Holo iliyonse imamanga zitseko, iwe. Ukufuna mzinda wonse ulowe ulere? Ineyo ndikadye penti?"

"Ikani anthu pazitsekozo, osati matcheni. Mukamanga, ine ndikawauza apolisi. Ndikawauzanso a Zala."

A Masuti anaseka mpaka kugwira pamimba. "Mwana wa Maloko akanene za matcheni kwa a Zala! Anyamata, ntchito yamuthera uyu. Muperekezeni."

Anamuperekezadi, ndi nsapato. Anamukhwekhwereza mpaka kukhomo la kumbuyo, akumuponda m'nthiti zomwe zinali zopweteka kale, n'kumuponya m'ngalande. Bokosi la zida linamutsatira, mapulayala ndi masikuludilaiva mbwee m'matope. Atakhala tsonga anayesa kuimbira Namzeze, anayesanso, anatumiza uthenga, osadziwa kuti foniyo ili zidutswa pansi pa kabati. Kupolisi anamuyang'ana matope ndi mlomo wotupa uja n'kumuuza kuti akayambe waledzeruka.

Chiwembu cha a Masuti sichinathere pomwepo. A Masuti anali ataika Chibakera kuti aziyang'anira khomo lalikulu la kutsogolo, kutali ndi zitseko za m'mbali, chifukwa ankadziwa kuti munthu ameneyo akaona tcheni m'holomo angagwetse nyumba. Anthu atayamba kufika, anamukokera pambali.

"Mnyamata uja ndamuchotsa ntchito, mlamu," anamunong'oneza. "Walumbira kuti abwera ndi matcheni adzachite zimene anachita bambo ake. Akuti Namzeze akapanda kukhala wake, sakhalanso wa wina aliyense. Ukhale maso."

Chibakera anangoliza zala zake, imodziimodzi.

* * *

Dzuwa likupendeka, holo inali itadzaza mopitirira muyeso, ndipo panja panali anthu enanso ochuluka akukankhana kuti alowe. A Zala anakhala pamzere woyamba, koyamba kulowamo chichitikireni ngozi ija. Bandi itangoyamba, anyamata a Masuti anazembera kuzitseko za m'mbali ndi katoni ija.

Namzeze anaimba. Eee, mwana ameneyo anaimba! Tsaya lotupa analibisa ndi paudala, koma mawu analibe chobisa. Amayi achikulire amene anavinapo m'holomo ali atsikana ankapukuta misozi ndi nsalu zawo. Ngakhale a Zala, zala zokhota zija zinkagwedezeka pabondo.

Zinayambira m'mwamba. Wina anakhalira mpando wa mnzake, wina anatukwana, botolo n'kuuluka kudzaswekera pamutu pa munthu wa pansi. A pansi anabwezera. Posakhalitsa mabotolo ankagwa ngati matalala, mipando yatsopano ija ikuzulidwa, mwamuna wina akuyendayenda nkhope yonse magazi okhaokha. Oimba anataya zida n'kuthawa. Anthu anathamangira kukhomo lalikulu, koma a panja, ataona kuti alonda asokonezeka, nawonso anakhamukira mkati. Magulu awiriwo anakumana pakhomopo n'kutsekerana njira. Ndiye khamu lonse linatembenukira kuchitseko cha kumanzere.

Wamagetsi anali atafikapo kale. Anali atakwera padenga kudzera pa paipi ya madzi a mvula, n'kulowera m'kachipinda ka makina kaja, atabereka chodulira zitsulo chachikulu chimene anabwereka kwa mnzake wowotcherera. Anachikanikiza patcheni ndi mphamvu zake zonse, nthiti zikubaya, anthu atayamba kale kumupanikizira kuchitseko. Tcheni chinaduka, thu! Anataya chodulira chija n'kuyamba kusolola tchenicho m'zitsulo.

Nthawi yomweyo ndi imene Chibakera anatulukira, akukankha anthu ndi zigongono, kufunafuna bambo ake. Chimene anaona ndi mwana wa Maloko, pachitseko chomwe chija, tcheni chili m'manja.

Anabangula ngati chilombo. Nkhonya yake inamenyetsa Wamagetsi kuchitseko, chitseko n'kutseguka, onse awiri n'kugwera panja. Khamu linakhuthukira m'kanjira ka kuseri, anthu akugwa, akudzuka, akuthawa opanda nsapato, amayi akukoka ana awo. Onse anatuluka amoyo, ndipo palibe amene anacheuka kuti aone amene wawatsegulira.

Namzeze anatuluka chakumapeto, dzanja lina atagwira bambo ake, lina atanyamula chitsulo choimikira maikolofoni chimene ankatchingira nacho mabotolo. Atafika panja anaona zoopsa. Chibakera anali atagwada pamsana pa Wamagetsi, atamukulunga tcheni chija m'khosi, akukoka.

"Achimwene, musiyeni! Watsegula ndi iyeyo! Taonani chodulira icho!"

Chibakera sankamva.

"Bambo, aletseni! Amupha!"

A Zala anangoima, maso ali patcheni. Analipo thupi lokha.

Namzeze anamukoka mchimwene wake malaya, anamuluma paphewa, koma zinali ngati akuluma khoma. Nkhope ya Wamagetsi inali itada bii, lilime litatuluka, maso akutembenuzika. Pafupi ndi dzanja lake panali loko wamkulu uja, woti akanangomutola n'kumenya naye kumbuyo. Sanamutole. Chitsiru chija chinkasunga lumbiro lake mpaka kukafa nalo.

"Menya, iwe!" anakuwa Namzeze. "Ndakumasula, menya!"

Manja aja sanasunthe.

Namzeze anakweza chitsulo chija ndi manja onse awiri. Ankafuna kumenya pamsana, Mulungu ndi mboni, koma Chibakera anadzutsa mutu. Phokoso lake linali laling'ono, khu! Chibakera anasiya tcheni, anamuyang'ana mchemwali wake modabwa, kenako anagwera chammbali. Magazi anayamba kutuluka m'khutu.

"Mayo ine! Achimwene! Achimwene, dzukani!"

Ankapuma, koma sanadzuke.

* * *

Apolisi anafika ndewu itatha, monga mwa masiku onse. Galimoto yawo isanaime bwinobwino, Wamagetsi, akutsokomola magazi, anakwawa n'kutola chitsulo chija pomwe Namzeze anachigwetsa. Anachikumbatira pachifuwa.

"Wamuvulaza munthuyu ndani?" anafunsa wapolisi wamkulu.

"Ndine," anatero Wamagetsi, mawu akuchita kukhwekhwereza pakhosi. "Amandipha. Ndine ndamumenya."

A Masuti anatulukira pomwepo, suti ikadali yoyera. "Ameneyu ndinamuchotsa ntchito m'mawa, bwana. Anatiopseza kuti abwera kudzamanga zitseko. Bambo ake ndi aja anapha anthu muno. Matcheni ake ndi awo."

Wapolisi anatembenukira kwa a Zala. "Madala, inu munali pompano. Zoona zake n'ziti?"

A Zala anayang'ana chodulira zitsulo chili pakhomo. Anayang'ana tcheni, pomwe chinadulidwa pakuwala. Anayang'ana anthu amoyo atadzaza msewu, akufunana, akuitanana mayina. Anamvetsa zonse, ndipo nkhope yawo inaonetsa kuti amvetsa. Kenako anayang'ana mwana wawo wamkazi, atagwada m'magazi a mchimwene wake.

"Ndi mnyamatayo," anatero.

Namzeze anadzambatuka. "Ayi! Bwana, si iyeyo, ndi..."

Dzanja linamutseka pakamwa. Linali lamanja lija, losatha kugwira ngakhale kapu, koma linamukanikiza mwamphamvu mpaka mano anamucheka mlomo. Anaphupha, anakanda, koma bambo ake anamupanikizira pachifuwa pawo, ndipo apolisi anangoona bambo akutonthoza mwana wolira.

Anthu anamunyamula Chibakera n'kuthamangira naye kuchipatala. Apolisi anamumanga Wamagetsi unyolo n'kumukankhira kumbuyo kwa galimoto. Asanatseke chitseko, Wamagetsi anamuyang'ana Namzeze n'kupukusa mutu pang'ono, kumuletsa.

"Pachitseko ichi ndinatayapo mayi ako," a Zala anamunong'oneza m'khutu, misozi yawo ikugwera m'tsitsi lake. "Mchimwene wako kaya adzuka, kaya sadzuka. Iwe sindikupereka. Udane nane moyo wako wonse, koma sindikupereka."

Sanachotse dzanjalo mpaka galimoto ya apolisi itakhota pakona.